Wotchi Imene a Anderson Sanasinthe

Mukatsika minibasi pa siteji ya ku Senga Bay, anthu a kabaza amakuthamangirani onse nthawi imodzi, wina kukoka chikwama, wina kuliza belu. Pali mmodzi amene sathamanga. Amaima chapatali atatsamira njinga yakapalasa, wamtali, wa miyendo yowonda, wotchi yakuda ili pamkono. Amenewo ndi a Anderson Samueli, amuna anga. Anzawo amawatchula kuti Amereka, ndipo akawaona akusinza amakuwa kuti, "Amereka, dzukani, ndege yanu yafika!" Iwo amangomwetulira.

Anthu ambiri amawadziwira pa kavidiyo kamene kanazungulira m'mafoni chaka chatha. Zimene sizinaoneke m'kavidiyomo ndikuzidziwa ndine, Eliza, mkazi wawo, ndipo zina mwa izo ndinachititsa ndine.

Anabadwira ku Chinguluwe, kusikimu ya mpunga. Ali mwana ntchito yawo inali yoingitsa mbalame. Ana ena ankakhala pamthunzi n'kumakoka chingwe cha zitini, koma iwo ankathamanga m'mbali mwa ngalande kuchoka uku kufika uko, tsiku lonse, mpheta zikatera kwina iwo ali konko. Mphunzitsi wina anawaona, anawatengera ku mipikisano ya sukulu, opanda nsapato. Kenako Lilongwe, kenako Blantyre, mpaka anagwera m'manja mwa a Godwin, kochi wa othamanga mitunda italiitali. Mpikisano wawo unali wa mamita 10,000. Kumeneko n'kuzungulira bwalo ka 25.

Ine ndinawadziwa chifukwa ankadutsa kuseri kwa nyumba yathu m'mawa uliwonse, akuthamanga pamchenga, ati mchenga umalimbitsa miyendo. Nthawi imeneyo n'kuti nditangosiya sukulu Fomu 3. Titakwatirana anadzamanga kwathu kuno. Anali munthu wa nthawi. 8 koloko agona, 4 koloko adzuka, popanda wowadzutsa. Wotchi yakudayo anawapatsa ndi a Godwin, ndipo ankaivula pokhapokha posamba.

Mwana wathu woyamba, Mwaiwathu, anakhala nafe masiku 16. Tsiku limenelo bambo ake anali ku Blantyre kumpikisano. Ndinamuyamwitsa, ndinamugoneka pamphasa, ndinatuluka kukachapa matewera. Kumzikiti wa pafupi nafe atayamba kuitana azana ya masana, ndinalowa kukamuona. Sanali kupuma. Sanadwale, sanalire. Ndinaimba foni ka 14, koma foni inali m'chikwama, mwini wake akuzungulira bwalo. Tsikulo anapambana. Anatsegula foni ali ndi chikho m'manja.

Kuyambira pamenepo dzuwa likafika pamutu mtima wanga umathamanga. Ndikangomva azana ya masana, manja amazizira.

Patapita zaka ziwiri a Anderson anasankhidwa kupita ku Amereka, kumpikisano waukulu umene anali asanafikeko chiyambire. A Godwin ananena mosabisa: akachita bwino kumeneko, dzina lawo likhazikika m'timu ya dziko, ndipo makomo ena atseguka. Akalephera, pali anyamata ena kumbuyo akudikira malowo. A Anderson anali ndi zaka 29. Mwayi wina sukanabweranso.

Ine ndinali ndi pakati potopa. Tikondwe anabadwa kutatsala masiku atatu kuti ndege inyamuke. Amayi anga sanakondwe. Ankati bambo sachoka mwana ali m'chikuta, mchombo usanagwe. Ine sindinawaletse kupita. Ndinangopempha chinthu chimodzi, atakhala pakhomo la chipinda akumanga zingwe za nsapato.

"Muziimba tsiku lililonse dzuwa lili pamutu. Nthawi ija."

"Ndiziimba."

"Osati mochedwa, osati m'mawa. Nthawi yomwe ija, bambo a Mwai. Foni isakhale m'chikwama."

Anayang'ana wotchi yawo, kenako anayang'ana mwana. "12 koloko ya pa wotchi iyi. Ndalonjeza, Eliza."

Anandisiyira foni yaikulu ya WhatsApp, iwo n'kubwereka ina kwa mnzawo, kuphatikiza kafoni kawo kakale ka mabatani. Ulendo unatenga masiku awiri. Anafika Tikondwe ali ndi masiku asanu, ndipo mpikisano unali woti uchitike ali ndi masiku 17. Anawapititsa msanga choncho kuti matupi azolowere za kumeneko. Ine ndinkaganiza kuti akunena za kuzizira.

Ankaimbadi. Azana ikangoyamba, foni inkalira. Ndinkakhala pamphasa, dzanja limodzi pachifuwa cha mwana, ndikuyang'ana liwombo lake likugunda, foni ili kukhutu.

"Ali bwanji bwana wamkulu?"

"Akupuma."

"Ika foni pafupi ndimumve."

Ndinkaika foni pafupi ndi mphuno ya Tikondwe, iwo n'kumamvetsera, nthawi zina mphindi zisanu osalankhula kanthu. Kenako ankandiuza za kumeneko. Ati chakudya ndi chambiri ngati paukwati koma chonse chikukoma ngati pepala. Ati anzawo a ku Kenya amagona atavala kansalu m'maso ngati akuba. Ndinkaseka. Ola limenelo likatha, ndinkadziwa kuti tsikulo ndapulumuka.

Koma ine ndine munthu woona tinthu. Ndinaona kuti amalankhula monong'ona. Mawu awo ankamveka ngati munthu ali m'thanki. Ndikapempha kuti tionane pa vidiyo ankati netiweki ikuvuta. Tsiku lina analola, ndipo ndinaona matailosi oyera kumbuyo kwawo, ndi kawindo kakang'ono kakuda bii.

"Muli kuti apa?"

"M'bafa. Mnzanga wa m'chipinda sakonda phokoso."

"Nanga kunjako kwada choncho bwanji?"

"Kuli mitambo. Dzuwa la kuno ndi labodza, silidziwa ntchito yake."

Maso awo anali ofiira, masaya atalowa. Ndinati mwina akulimbikira kwambiri kukonzekera.

Tikondwe ali ndi masiku 13, mchombo utagwa kale, a Saida anabwera kudzaona mwana. Amenewa ndi oyandikana nawo nyumba, amagulitsa usipa wouma, ndipo ndi aakulu kwa ine. Anandipeza ndikungomaliza kulankhula pafoni.

"Iii, chikondi chanuchi chitipha ndi nsanje ife," anatero akukhala pansi. "Anga aja ali pa Chipoka pompa koma foni mpaka ndiyambe ine. Ndiye kumeneko ili nthawi yanji?"

"Masana, ngati kuno."

"Aaa, iwe amake Tiko, unapita kusukulu iwe. Mlongo wanga ali ku Dubai, wallahi, pa Ramadhani amamasula swaumu ife njala ikadatipweteka. Amatumiza zithunzi za mbale kuti atipse mtima. Ku Dubai pompa. Nanga kumene kwapita amuna akoko?"

Anapitiriza kuseka, akuseweretsa phazi la mwana. Ine ndinali nditabwerera m'kalasi ya Fomu 2. Mphunzitsi wa jogalafe atatseka mawindo, wanyamula mpira dzanja ili, tochi dzanja ili, akuzunguza mpirawo pang'onopang'ono. Mbali iyi kwawala, mbali iyo kwada. Ndinakhoza funso limenelo pamayeso. Koma sindinaganizepo kuti pampira uja pangakhale munthu wanga.

A Saida atapita ndinalemba dzina la mzinda uja pafoni. Inandiuza kuti ali kumbuyo kwathu ndi maola 9. Ndinawerenga ndi zala kawiri. 12 koloko yanga inali 3 koloko ya usiku kwa iwo. Ndinayang'ananso nthawi ya mpikisano: 3 koloko masana ya kumeneko. Kuno ndiye pakati pa usiku, nthawi imene thupi la a Anderson lakhala lili m'tulo kuyambira ali mwana.

Zina ndinadzazimva pambuyo pake kwa a Godwin. Akuti ali mundege, dokotala wa timu anauza onse kuti asinthe mawotchi. Aliyense anapatsidwa pepala: nthawi yodya, nthawi yokhala padzuwa, nthawi yozimitsa magetsi. Ukalitsatira, thupi limatembenuka pang'onopang'ono, tsiku lililonse ola limodzi, mpaka kuiwala kwanu. Usiku a Godwin ankatolera mafoni onse m'thumba. A Anderson ankapereka kafoni ka mabatani kaja, yeniyeni ili m'sokosi. Wotchi sanaisinthe. Ankagona chagada akuyang'ana mivi yake, kuopa kupitirira, ndipo ikamayandikira 12 ankalowa m'bafa, kutseka mpata wa pansi pa chitseko ndi thaulo, n'kukhala pansi. Akamaliza kulankhula nane tulo sitinkabweranso. Masana pothamanga miyendo inkalemera. Pa chakudya ankasinza supuni ili m'manja. Tsiku lina a Godwin anawapeza akulira pakona ya bwalo, atawafunsa anati sakudziwa chimene akulirira. Kunali mayi wina wachizungu amene ntchito yake inali kucheza ndi othamanga za maganizo awo. Anawafunsa ngati pali chowavuta kunyumba. Iwo anati zonse zili bwino. Akuti sakanatha kufotokoza za maliro a mwana wawo m'Chingerezi cha Sitandade 8.

Zimenezo sindinkazidziwa tsiku limenelo. Koma chachikulu ndinali nditachidziwa: amuna anga sakugona, ndipo wowadzutsa ndine. Kunatsala masiku anayi. Anayi si ambiri, koma munthu akagona bwino masiku anayi amabwerera pang'ono.

Tsiku lotsatira foni inalira pa nthawi yake. Mawu ndinali nditawakonza: musaimbenso, gonani. Ndinayang'ana Tikondwe. Anali ndi masiku 14. Mkulu wake anapita ali ndi 16. Ndinati mumtima, angodutsa tsiku la 16 lokha, kenako ndiwamasula.

"Ali bwanji bwana wamkulu?"

"Akupuma."

"Iwe uli bwanji? Ukumveka ngati watopa."

"Ndili bwino. Kumeneko mitambo ija ikadalipo?"

"Ikadalipo."

Ndinanena bodza langa, iwo ananena lawo, tinatsanzikana.

Tsiku la 15 zinali chimodzimodzi. Tsiku la 16 sindinadye, sindinachape, sindinatuluke m'chipinda. Amayi anabwera ndi phala, ndinalisiya mpaka linagwira khoko. Ndinamunyamula Tikondwe kuyambira m'mawa, khutu langa pachifuwa chake. Azana itayamba, foni inalira, ndipo tonse awiri tinakhala chete, ine kuno iwo uko, tikumvera kamwana kakupuma. Azana inatha. Mwana anayasamula, anayetsemula, n'kuyamba kufuna bere.

"Wadutsa," ndinatero. Ndinkalira.

"Wadutsa," anayankha.

"Mawa musaimbe. Mawa ndi tsiku lanu. Mugone."

"Ndamva."

Tsiku la 17 ndinaika foni pansi pa pilo kuti ndisaione. Dzuwa litafika pamutu inalira. Ndinaiyang'ana ikuwala, dzina lawo lili pamenepo. Ndikanaisiya, mwina akanabwerera pabedi n'kupeza maola atatu kapena anayi a tulo. Inalira kachiwiri. Tikondwe anali mtulo, ndipo kwa kanthawi ndinaona ngati chifuwa chake sichikukwera. Ndinayankha. Tinakhala pafoni pafupifupi ola.

Mpikisano unachitika ine ndili mtulo. M'mawa ndikusesa pabwalo, a Saida anabwera foni ili m'manja, osaseka.

"Amake Tiko, khala pansi kaye. Ali moyo, usaope. Koma uone wekha usanamve kwa anthu."

Kavidiyoko kanayamba ali m'gulu la kutsogolo, malaya a dziko lathu ali pathupi. Akuti anali atazungulira ka 15. Kenako anayamba kutsalira. Mmodzi anawadutsa, wina, wina. Sanagwe ngati mmene amagwera othamanga. Anangopatuka, kulowa pakapinga pakati pa bwalo, n'kukhala pansi. Anamasula zingwe, anavula nsapato, n'kuziika pamodzi moyang'ana kumodzi, monga amachitira pakhomo la chipinda chathu usiku uliwonse. Kenako anagona cham'mbali, dzanja pansi pa tsaya. Anthu ovala zofiira anathamangirako ndi machira. Wina anali ataika kale nyimbo yogonetsa mwana pa kavidiyoko, ndi tinkhope toseka.

Madokotala a kumeneko sanapeze matenda. A Anderson akuti sakumbukira kuvula nsapato. Amangokumbukira kuti anayang'ana wotchi kuti aone liwiro lawo, ndipo inali kunena kuti 12 koloko yadutsa. Mutu unasokonezeka, osadziwanso ngati ndi 12 ya usiku kapena ya masana, ngati aimba kale kapena ayi, ngati mwana amene akumuganizira ndi Tikondwe kapena Mwai.

Anabwera patapita sabata. Ku bwalo la ndege kunalibe wowachingamira, anali ndi a Godwin okha amene anabwera nawo. Mndandanda wa timu utatulukanso, dzina lawo munalibe. Sanadandaule kwa aliyense. Nsapato zija anaziika m'jumbo n'kuzipachika kudenga. Anagula njinga, anaikira mpando kumbuyo, anayamba kabaza. Tulo tawo mpaka lero sitinabwerere bwinobwino. Munthu amene ankagona 8 koloko ngati mwala tsopano amangotembenuka, masana n'kumasinza pasiteji. Ndipo tsiku lililonse ikamakwana 12, ngakhale minibasi itangotsitsa anthu a katundu wambiri, amakwera njinga kubwera kunyumba. Amaika dzanja pachifuwa cha Tikondwe, amamwa madzi, amabwerera.

Ine ndinasunga chinsinsi changa miyezi isanu ndi itatu. Anthu ankati anawalodza. Ena ankati anamwa mowa wachizungu. Amayi anga ankati ndi zija zochoka mchombo usanagwe. Ine ndinkangomva.

Mwezi wathawu a Godwin anabwera okha kunyumba, masana, anawapeza a Anderson atangofika. Anakhala pakhonde, Tikondwe akukwawira kumapazi awo.

"Anderson, mwezi wamawa kuli mpikisano wosankha timu ku Lilongwe. Ndalimbana nawo akuluakulu, alola kuti uyesenso. Koma ndi komaliza."

"Miyendo inatha, akochi."

"Usandinamize ine. Ndakuona ukukwera chitunda cha pa Kuti ndi matumba awiri a makala, osapuma n'komwe. Miyendo ilipo. Chimene ndikufuna undiuze n'chakuti, ukadzapitanso kunja, foni yachiwiri ija idzakhala m'sokosi yanji, ndidzayambire komweko kusecha."

Anaseka onse awiri, kenako a Anderson anangowerama n'kunyamula mwana. A Godwin anandiyang'ana ine. "Alamu, muwalankhule. Inu amakumverani." Sankadziwa kuti vuto linali lomwelo.

Atapita, ndinakhala pansi pafupi ndi amuna anga. Mtima unkagunda ngati nthawi ya azana.

"Bambo a Tiko, ndili ndi mawu."

"Nena."

"Ndinkadziwa. Kutatsala masiku anayi ndinadziwa kuti kumeneko ndi usiku. Ndinawerenga maola. Ndinadziwa kuti simukugona, koma sindinakuletseni. Ndinafuna mwana adutse kaye tsiku lija. Ndipo tsiku lomaliza ndinayankha foni, ndikudziwa."

Tikondwe anali akukoka lamba wa wotchi yawo.

"Tsiku limene unafunsa za mitambo kachiwiri," anatero, "ndinadziwa kuti wadziwa."

"Nanga bwanji simunanene?"

"Ndikananena ukanati ndisiye. Eliza, ukuganiza kuti ndinkaimba chifukwa cha iwe wekha? Ine ndinatsegula foni ndili ndi chikho m'manja, ndinapeza waimba ka 14. Kumene kuja ndikatseka maso ndinkaona nambala imeneyo. Ukanapanda kuyankha tsiku lija, ndikanaimba mpaka kucha."

Ndinaganiza kuti mawu amenewo andipeputsa. Sanandipeputse. Anangondionetsa kuti tinali awiri m'dzenje limodzi, aliyense akuganiza kuti akugwira mnzake.

"Pitani ku Lilongwe," ndinatero. "Tiko wakula. Sindidzapemphanso foni."

"Iwe sudzapempha. Nanga ine?"

M'mawa mwake, iwo atapita kusiteji, ndinatsitsa jumbo ija kudenga. Nsapato zinali ndi fumbi, ndipo pansi pa imodzi panali pakadali kaudzu kouma ka bwalo lija. Ndinazichapa, ndinaziyanika, n'kuziika pakhomo la chipinda, pamodzi, moyang'ana kunja. Atabwera masana anaziona. Anazilumpha, anakaika dzanja pachifuwa cha mwana, anamwa madzi. Potuluka anaima, anawerama, n'kuzitembenuza kuti ziyang'ane m'kati.

Tsiku la mpikisano wa ku Lilongwe linali Loweruka lapitali. A Godwin anaimba katatu m'mawa, foni inangolira pawindo. A Anderson anapita kusiteji ngati masiku onse. Azana ya masana itayamba ndinamva belu la njinga kuseri kwa nyumba. Tikondwe tsopano amaimirira atagwira khoma, ndipo akamva belulo amakuwa. Bambo ake analowa, anamunyamula, anaika khutu pachifuwa chake. Mwana anaseka, akuyesa ngati ndi masewera.

Ine ndinali nditaima pakhomo, manja atazizira, ndikudikira kuti andiuze.

"Akupuma," anatero.